Za disiki yokana habu: yankho kwa womvera wa ku Area 10

Bambo, m'kalata yanu mukudandaula kuti disiki ya mabuleki imene mudagula ku Old Town yakana kukhala pa gudumu la njinga yanu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Inu mwafunsa, tsono tcherani khutu.

Ngakhale madisiki onse aoneka ngati ana a mimba imodzi, mahabu owanyamula pakati pa gudumu ali a mitundu iwiri: wina uli ndi mabowo 6 omangira mabawuti, pamene wina, wotchedwa Center Lock, umene adayambitsa a Shimano, uli ndi timano mozungulira, ndipo disiki ikalowa m'timanomo imatsekedwa ndi mphete imodzi yokha. Disiki ya mabowo 6 ikhoza kukhala pa habu ya timano mukapeza adaputa. Koma ya timano pa habu ya mabowo, musadzivute nayo, kaisinthitseni ndithu.

Musaiwalenso muyeso, pakuti njinga yokonzedwera disiki ya mamilimita 160 singalandire ya 180 popanda kachitsulo kosendeza chogwirira mabuleki.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse nchakuti musalole mmisiri aliyense, kaya ndi wodziwika chotani, kuti aboole kapena kuwotcherera disikiyo, chifukwa tsiku limene mudzatsetsereka kulunjika pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pakati pa maminibasi, moyo wanu udzatsamira pa disiki yomweyo. Pobwerera kumsika nyamulani gudumu lenilenilo, wogulitsa akayese inu mukuona.