Kindle yanga yauma, nditani?

Funso: Ndinaika pulogalamu yosavomerezeka mu Kindle yanga kuti ndiziwerenga mabuku amitundu ina. Tsopano chithunzi changouma, ndikadina palibe chikuchitika. Kodi yatheratu?

Yankho: Musataye mtima msanga. Sikirini ya Kindle, ya mtundu wa e-ink, imasunga chithunzi ngakhale batire litatha, choncho yambani mwaitchaja kwa maola angapo. Kenako dinikizani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 40 kuti iyambirenso. Kompyuta ikaizindikira mutalumikiza chingwe cha USB, koperani kaye mabuku anu, kenako fufutani mafayilo amene munawonjezera. Ikayaka, ikanimo pulogalamu yeniyeni ya Amazon yogwirizana ndi mtundu wa Kindle yanuyo. Mabuku amene munagula akadali mu akaunti yanu. Dziwaninso kuti kusintha pulogalamu chonchi kungakutayitseni waranti.