KUCHOTSA MABANGA A MAFUTA PA ZOVALA

Mayi wina ankakazinga zitumbuwa zoti akagulitse kumsika. Mafuta anadonthera pa chitenje chake chatsopano. Iye anatunga madzi mumtsuko nayamba kupukuta. Banga lija linangokula. M'mawa mwake anachapa chitenjecho, nachiyanika, nachisita ndi simbi ya makala. Lero amangopita nacho kumunda, chifukwa bangalo silinachoke.

Kodi zotere zinakuchitikiranipo? Nsalu ndi yodula. Yunifolomu ya mwana ikathimbirira, si onse angathe kugula ina msanga. M'phunziro lino tiona m'mene tingapulumutsire chovala chimene chadonthera mafuta.

N'CHIFUKWA CHIYANI MADZI OKHA SACHOTSA MAFUTA?

Yesani izi kunyumba. Thirani madzi m'kapu. Donthezeranimo mafuta ophikira pang'ono. Muona kuti mafutawo akuyandama pamwamba. Ngakhale mutakasa ndi supuni, abwereranso pamwamba. Mafuta ndi madzi sizigwirizana.

Tsopano ikanimo sopo pang'ono, n'kutakasanso. Madzi aja achita mbuu, ndipo mafuta sayandamanso ngati poyamba. Sopo ali ngati mkhalapakati. Mbali ina amagwira mafuta, mbali ina amagwira madzi. Potsukuluza, madzi amatenga sopo, ndipo sopoyo amapita ndi mafuta.

Mayi uja analakwitsa pawiri. Poyamba anapukuta ndi madzi, mafuta n'kufalikira. Kenaka anasita banga lisanachoke. Kutentha kwa simbi kunalowetsa mafuta m'kati mwa ulusi wa nsalu.

ZOYENERA KUCHITA

Musachedwe. Paja akuluakulu anati zengerezu adalinda kwaukwau. Banga la lero limachoka mosavuta kusiyana ndi la sabata yatha.

1. Ngati mafuta ndi oundana, monga majarini kapena mafuta a nyama, apaleni pang'onopang'ono ndi supuni.

2. Tengani kansalu kouma koyera kapena pepala losalembapo. Dindani pabangapo kuti kamwe mafuta. Musafikise ayi.

3. Wazanipo ufa woyera wouma. Ufa wa chinangwa kapena choko chopera zimathandizanso. Ufa umamwa mafuta. Usiyeni mphindi 30, kenaka sansani. Ngati pakadali ponyowa ndi mafuta, wazaniponso ufa wina.

4. Nyowetsani pabangapo ndi madzi ofunda. Pakanipo sopo, kunja ndi kunsi komwe. Ngati muli ndi sopo wa ufa, mukandeni ndi timadzi pang'ono kuti akhale ngati phala, ndipo matanipo.

5. Dikirani mphindi 15 kuti sopo agwire ntchito yake.

6. Fikisani ndi zala, kuyambira m'mphepete mwa banga kupita pakati. Mukatero banga silikula.

7. Chapani chovala chonse m'madzi ofunda. Tsukuluzani bwino ndipo yanikani.

8. Chikauma, chiyang'aneni poyera. Nsalu yonyowa imabisa banga la mafuta. Ngati likuonekabe, bwerezani kuyambira pa nambala 4. Musasite kufikira litatheratu.

GIRISI WA NJINGA NDI MAKINA

Abambo ambiri amadetsa buluku ndi tcheni cha njinga. Ogwira ntchito pachigayo ndi pagalaja amalidziwanso vuto limeneli. Girisi ndi wakuda ndiponso wokanika, chifukwa amasakanikirana ndi fumbi ndi tizidutswa ta chitsulo. Yambani mwayesa sopo kawiri kapena katatu. Akakanika, palafini angathandize.

Tembenuzani chovalacho. Ikani chisanza pansi pa banga. Viikani kansalu m'palafini pang'ono, ndipo dindani pabangapo cha kunsi kwa chovala. Girisi asungunuka n'kutsikira pa chisanza chija. Chisanza chikada, sunthani kuti pakhale poyera. Pomaliza chapani ndi sopo wambiri ndi madzi ofunda, chifukwa palafini nayenso ndi mafuta. Yanikani panja mpaka fungo lithe.

SI NSALU ZONSE ZILI ZOFANANA

Nsalu ya thonje imapirira madzi otentha. Juzi ya ubweya imakhwinyata ndi kuchepa m'madzi otentha, choncho ichapeni m'madzi ofunda pang'ono, ndipo musaifikise mwamphamvu. Nsalu za nayiloni ndi poliyesita zimakakamira mafuta kwambiri. Izi zimafuna kuchapa kangapo. Ngati chovala chili cha mitundumitundu, yambani mwayesa palafini pa mpendero wa m'kati, kuti muone ngati sichisuluka.

Ena amathamangira Jik. Koma Jik sasungunula mafuta. Amangosulutsa mtundu wa nsalu, banga n'kutsala pomwepo.

CHENJERANI

Palafini amayaka. Gwirani ntchitoyi panja, kutali ndi moto, mbaula, nyali ndi munthu wosuta fodya. Chovala chimene chikununkha palafini musachisite kapena kuchiyanika pafupi ndi moto.

Musachapire petulo ngakhale pang'ono. Mpweya wake umayaka ngakhale moto uli chapatali.

Musasunge palafini m'botolo la zakumwa. Mwana amayesa madzi n'kumwa. Mwana akamwa palafini musamusanzitse, chifukwa palafiniyo angalowe m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

KUPEWA KUMAPOSA KUCHIZA

Pokazinga mandasi kapena nsomba, mangani chitenje chakale pamwamba pa chovala chabwino. Pokwera njinga, pindani mwendo wa buluku wa mbali ya tcheni, kapena umangeni ndi kalamba. Pokonza njinga valani zovala zogwirira ntchito. Sopo amene mukanaononga pa banga adzachapira zovala zina.

MAFUNSO

1. Kodi mayi wa zitumbuwa uja analakwitsa zinthu ziti ziwiri?
2. N'chifukwa chiyani timawaza ufa pa banga la mafuta?
3. Tchulani ntchito ya sopo pochapa.
4. Kodi mungatani mwana atamwa palafini?

ZOCHITA

Pezani kansalu kakale. Kaduleni pawiri. Donthezani mafuta pa tizidutswa tonse tiwiri. Kena kachapeni ndi madzi okha, kena tsatirani malangizo a m'phunziro lino. Lembani m'kope mwanu zimene mwaona, ndipo mukawawerengere anzanu mukadzakumananso.