Kodi Nyenyezi ya Mchira Ili ndi Chiyani M'kati?

Anzathu, ambiri a ife tinaona nyenyezi ya mchira. Ena tinaona ya Halley mu 1986, ena ya Hale-Bopp mu 1997. Akuluakulu ena ankati ndi malodza, kukubwera njala kapena nkhondo. Lero tiphunzire chimene chili m'kati mwake.

Tiyambe ndi mphika. Tikaphula mphika pamoto usiku, suwala ayi. Koma tikayandikiza dzanja, timamva kutentha. Kutentha kumeneko ndi kuwala kumene maso athu sakuona. M'Chipwitikizi amati infravermelho. Chinthu chilichonse chimatulutsa kuwala kotere mwa mtundu wakewake. Madzi ali ndi kwake, fumbi lili ndi kwake. Zili ngati mawu a munthu: mumdima timadziwa kuti akulankhula ndi uje, ngakhale sitikumuona.

Vuto ndi lakuti nthunzi ya madzi imene ili mumpweya wathu imameza kuwala kumeneku kwambiri. N'chifukwa chake asayansi anatumiza matelesikopu kumwamba, kupitirira mitambo ndi mpweya womwe.

Telesikopu ya ISO, imene mayiko a ku Ulaya anatumiza mu 1995, inayang'ana Hale-Bopp. Inapezamo madzi, mpweya wonga umene timatulutsa popuma, ndi timiyala ting'onoting'ono. Nyenyezi ya mchira tsono si nyenyezi yeniyeni. Ndi chibuma cha madzi oundana ngati matalala, osakanikirana ndi fumbi. Chikayandikira dzuwa chimatenthedwa, nthunzi ndi fumbi zimatuluka, ndiwo mchira uja.

Pa 4 Julaye 2005 asayansi a ku America anachita kanthu kodabwitsa. Anawomba nyenyezi ya Tempel 1 ndi chitsulo cholemera makilogalamu pafupifupi 370. Fumbi linati koboo! Telesikopu ya Spitzer inaunika fumbilo ndipo inaonamo zizindikiro za dongo. Amayi oumba mbiya, mwamva? Dongo, kumwamba! Asayansi nawonso anadabwa, chifukwa dongo limapangika pamene pali madzi oyenda, koma kumene nyenyezizi zimachokera n'kozizira koopsa.

Ya Halley imabwera pakapita zaka pafupifupi 76. Idzaonekanso mu 2061, ndipo tsikulo linawerengedwa kale. Ambiri a ife sitidzakhalapo, koma adzukulu athu adzaiona.

Tikambirane: Chifukwa chiyani telesikopu imeneyi saiika paphiri basi? Kwanu akuluakulu amati chiyani za nyenyezi ya mchira?

Tilembe m'kope: mchira, dongo, nthunzi, kuwala.