Zakudya za m'Mapaketi

Masiku ano m'magolosale mwadzaza zakudya za m'mapaketi monga mabisiketi, maswiti ndi tchipisi. Ana amazikonda chifukwa n'zokoma ndipo mapaketi ake ndi okongola. Komatu akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Zambiri mwa zakudyazi zili ndi shuga, mchere ndi mafuta ochuluka, koma zomanga thupi n'zochepa. Botolo la mamililita 300 la chakumwa chotsekemera limatha kukhala ndi shuga wodzaza masipuni aang'ono 8. Mwana akamwa amakhuta msanga nakana phala. Akazolowera, mano amawola ndipo thupi silikula bwino.

Komabe si zonse za m'sitolo zimene zili zoipa. Mchere wokhala ndi ayodini umateteza anthu ku chithokomiro. Mafuta ophikira othiridwa vitamini A amathandiza maso. Choncho wogula aziyamba wawerenga zolembedwa pa paketi, makamaka tsiku limene chakudyacho chidzathere mphamvu.

Mwana wamng'ono amafunika phala la nsinjiro, masamba, usipa, mazira ndi zipatso. Bisiketi asalande malo a zakudya zimenezi.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani mwana amakana phala akamwa zotsekemera?
2. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'ndime yoyamba.