Mafunso ndi Mayankho: Nthambi Pamsewu, Mabuleki pa Chiweta

Pakuti safunsa anadya phula, tiyambe ndi kalata ya bambo wina wa ku Ntcheu, amene wabwerera kwawo atakhala zaka zambiri ku Johannesburg. Iwo akuti: "Pa msewu wa M1, chakufupi ndi Lizulu, ndinapeza nthambi zitayalidwa pamsewu, ndipo nditadutsa mwa liwiro langa, anthu anandikalipira kwambiri. Ndinalakwanji, popeza panalibe chikwangwani?"

Bambo wanga, chikwangwani chinalipo ndithu, kungoti sichinalembedwe ndi penti. Nthambi zaziwisi zikaikidwa pamsewu zimanena chimodzi mwa ziwiri: kapena kutsogoloko kwafera lole, kapena m'mudzimo mwagwa zovuta, ndipo pa zonse ziwirizi phazi liyenera kuchoka pamoto. Mukadacheuka mukadaona wapanjinga atatsika n'kumaikankha, mwamuna atavula chipewa, woyendetsa minibasi atatsitsa nyimbo zake, pakuti aliyense wodutsa pasiwa adziwa mumtima mwake kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Misewu ikuluikulu imene munaizolowera kunjako inamangidwira galimoto zokha, koma wathuwu upyola pakhomo pa anthu, ndipo pa Lizulu pomwepo, pamene tsidya lina la msewu ndi Malawi ndipo tsidya linalo ndi Mozambique, mayi wosenza dengu la tomato kapena la mbatata ya kachewere aoloka kangapo pa tsiku monga munthu woyenda pabwalo pake, chifukwa midzi ndiyo inayamba, phula linadza pambuyo. Ine ndimapempha madalaivala onse kuti potulukira pamalo otere azidziona ngati alendo.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi wina wa ku Mzuzu: "Galimoto yanga ya automatic, yochokera ku Japan, inayamba kununkha chopserera ndikutsika Chiweta, ndipo buleki inafewa. Kodi anandigulitsa yowonongeka?"

Mayi, tithokoze Mulungu kuti munafika kunyanja muli amoyo. Mwina galimoto ilibe mlandu. Buleki imaimitsa galimoto pokhuzitsa zitsulo, ndipo kukhuzanako kubala kutentha. Tsono munthu akaiponda osalekeza kuyambira pamwamba pa phiri kufikira pansi, m'makona onse aja otsetsereka kumka ku Chitimba, zitsulo zipsa, mafuta a buleki afika powira, ndipo phazi limira popanda choligwira. Walira mvula walira matope: galimoto yosintha yokha magiya yatipeputsira dzanja m'tauni, koma yatiiwalitsa nzeru imene madalaivala akale a malole ankaisunga, yakuti giya imene wakwerera phiri ndi yomwenso utsikire. Yang'anani pa ndodo ya giya, mupeza 2 ndi L; ikani pamenepo musanayambe kutsika, kuti injini igwire galimoto, ndipo buleki muziiponda pang'ono n'kuisiya kuti ipume. Fungo lija likabweranso, imani pamalo otakasuka mudikire zitsulo zizizire zokha, osazithira madzi. Mawu omwewa apite kwa otsika Thabwa kumka ku Chikwawa, ndi otsika Khwekhwerere kumka ku Golomoti.

Mnyamata wina wa kwa Bvumbwe akudandaula kuti wailesi ya m'galimoto yake sikoka nyumba zambiri zoulutsira mawu. Mwana wanga, wailesiyo njabwino, koma ikali ndi makutu a kwawo: ku Japan mawailesi ambiri a m'galimoto amayambira pa 76 n'kulekezera pa 90, pamene nyumba zathu zoulutsira mawu zifika mpaka 108. Amakaniki a zamagetsi ali ndi kachipangizo kolumikiza kuwaya wa eriyo kamene kamatsegula njira yotsalayo, ndipo mukakaikitsa mudzazimva zonse muli pa ulendo.