Émile Gaboriau, Mlembi wa Nthano za Ofufuza Milandu

Mbuzi ikabedwa ku Mtengowanthenga, akuluakulu amayamba alondola mapazi asanatchule dzina la munthu. Nzeru yotereyi ndiyo inatchukitsa Émile Gaboriau, mlembi wa ku France. Iye anabadwira ku Saujon mu 1832, namwalira ku Paris mu 1873.

M'buku lake lotchedwa L'Affaire Lerouge, la mu 1866, munthu wosalakwa amangidwa pa mlandu wakupha, koma pambuyo pake choonadi chiululika. M'buku lina, wapolisi Lecoq azindikira kuti akazi awiri anathawa pamalo a ngozi pongoona mapazi awo. Mlandu suweruzidwa ndi mphekesera, koma ndi umboni.

Mafunso
1. Kodi Gaboriau anabadwira kuti?
2. Nanga kuweruza ndi mphekesera n'koipa bwanji?