Phunziro: Kuyamba Kulamula Kompyuta ndi Scratch



Ena mwatifunsa ngati mwana wa kuno ku Nayuchi angaphunzire kupanga mapulogalamu a kompyuta, pomwe intaneti ndi yodula. Angathe ndithu.

Poyambira pabwino ndi Scratch, pulogalamu yaulere yomwe inapangidwa ku MIT, ku America, ndi gulu lotsogozedwa ndi Mitchel Resnick, ndipo inatuluka mu 2007. Mwana amakoka timabokosi tamitundumitundu n'kutilumikiza ngati njerwa, ndipo kamphaka ka pa sikirini kamachita zomwe kalamulidwa. Mukaikopera kamodzi pa laputopu, imagwira ntchito popanda intaneti. Ana a zaka 5 mpaka 7 ali ndi yawo, ScratchJr, ya pa tabuleti.

Mfundo zitatu zoyambirira ana athu amazidziwa kale ku madrasa. Yoyamba ndi ndondomeko: pa udhu timasamba kumaso tisanasambe mapazi, ndipo kompyuta nayo imatsata malamulo mmene tawandandalikira. Yachiwiri ndi kubwereza: tawaf ndi kuzungulira Ka'ba ka 7, ndipo kabokosi ka "repeat" kamabwereza lamulo kangapo monga mwauzira. Yachitatu ndi kusankha: ngati madzi palibe, timachita tayammum. Imeneyi ndi ntchito ya "if … then". Ngakhale liwu loti algorithm linachokera pa dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu wachisilamu amene anagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800.

Ntchito ya sabata ino ndi kauntala wa tasbih. Pangani "variable" dzina lake Chiwerengero. Lamulani kuti mukadina "space" iwonjezere 1, ndipo ikafika 33 kamphaka kanene kuti "Zakwana" n'kubwerera pa 0. Musanakhudze makina, lembani malamulowa pa tizidutswa ta katoni n'kutisanja pansi. Mnzanu awatsatire ngati iye ndiye kompyuta. Akasokonezeka, pezani kachidutswa komwe kalakwika.

Makolo, musangoona mphaka n'kuganiza kuti ndi masewera. Muuzeni mwana akufotokozereni zomwe walumikiza. Atsikana apatsidwe nthawi mofanana ndi anyamata. Akuluakulu a komiti, tikupempha malo otchajira laputopu masana, chifukwa imodzi imakwanira ana atatu pa nthawi.

Mwezi wamawa tidzaona makauntala anu, Insha Allah.